Funsani Malume: Penti ya pakhoma, lendi ya m'nyumba

Makalata a mwezi uno akhamukira pa nkhani imodzi, ya ojambula ndi nyumba zodula zimene zikumera pomwe pankakhala anthu wamba. Ndasankhapo asanu. Ena ndawadula chifukwa cha malo, ndipo mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Malume, ndine mnyamata wa ku Ndirande, ndimakhala ku Salt River kuno ku Cape Town. Mkati mwa sabata ndimapenta nyumba za anthu, Loweruka ndi Lamlungu ndimajambula zanga. Kampani ina yomanga mafulati ku Woodstock, dera loyandikana ndi kwathu kuno, yaona zithunzi zanga pa Instagram, ndiye ikufuna ndijambule khoma lonse la kumaso kwa nyumba yawo yatsopano. Akuti ndijambule "anthu a Woodstock yakale": agogo ovala kofia, mayi wogulitsa makoesister (mandasi otsekemera a kuno ku Cape) pakhonde, ana akusewera mumsewu. Ndalama yake ndingalipire lendi miyezi inayi, n'kutsalanso yotumiza kumudzi. Koma pamalopo panali tinyumba timene anagumula, ndipo mayi wina amene tinkapemphera naye ankakhala pomwepo. Pano ali ku Delft, kutali ndi m'tauni. Anzanga ena akuti ndikalandira ndagulitsa anthu, ena akuti mfundo sizidyedwa. Mutu wanga waima.

YANKHO: Mphwanga, yamba wadziwa chimene kampaniyo ikugula kwa iwe, chifukwa si penti ndi burashi yokha ayi. Munthu wa ndalama zake akafuna fulati akhoza kugula ku Century City kapena ku Claremont, komwe galimoto imagona mwamtendere. Chomukokera ku Woodstock n'chakuti kumeneko amati kuli moyo: mzikiti pano, tchalitchi apo, anthu atakhala pamakonde madzulo, fungo la zokazinga Lamlungu m'mawa. Moyo umenewo eni ake ndi omwe akusamutsidwawo. Kampani ikawachotsa imapeza kuti chimene inkatsatsa chapita nawo ku Delft. Foni yako imalira pamenepo. Akufuna uwabwezere anthuwo, koma pakhoma, pomwe sadandaula za lendi ndiponso sapita kukhothi.

Poti wabwera posachedwa, ndikuuze mbiri ya dera lomwe ukuyendamo. District Six, yomwe yachita malire ndi Woodstock, boma la tsankho linailengeza kuti ndi ya azungu okha pa 11 February 1966, ndipo anthu oposa 60,000 anawatayira ku Cape Flats. Woodstock inapulumuka. Makaladi, azungu osauka, Amwenye, Apwitikizi ochokera ku Madeira, onse anapitiriza kukhala khomo loyandikana, kenako tinabwera ife ochokera kumpoto kwa Limpopo. Chimene lamulo la Group Areas, logawa malo okhala potengera khungu, linalephera, lendi ikuchikwanitsa mwakachetechete, khomo limodzilimodzi.

Ndipo tisanamizane, oyamba kutsegula njira tinali ife a zaluso. Mafakitale osoka zovala a ku Salt River ndi Woodstock atayamba kutsekedwa chifukwa cha zovala zotchipa zochokera kunja, zinyumba zake zinatsala pululu, lendi ili pansi. Wojambula amafuna chipinda chachikulu, cha mawindo aakulu, chotsika mtengo. Tinalowamo. Mu 2006 msika wa Loweruka unayamba pa Old Biscuit Mill mu Albert Road. Cha mu 2007 ndi 2008 magallery akuluakulu oonetsera ndi kugulitsa zojambula, Goodman ndi Stevenson, anatsegula zitseko pa Sir Lowry Road. Boma nalo linaikapo dzanja pochepetsera msonkho anthu omanga kapena kukonzanso nyumba m'dera lino. Zitafika apo landilodi aliyense anatenga pensulo n'kuyamba kuwonkhetsa.

Ukatuluka pa Biscuit Mill n'kuyenda pang'ono ufika pa Bromwell Street. Kampani ya Woodstock Hub inagula mdadada wa nyumba pamenepo mu 2013, ndipo mu 2016 khothi linalamula mabanja a pamenepo kuti atuluke, ena mwa iwo anabadwira m'nyumba zomwezo. Khonsolo inati iwapatsa malo ku Wolwerivier, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, m'tinyumba ta malata, kutali ndi ntchito, kutali ndi sukulu za ana. Anthuwo anakachita zionetsero pa Biscuit Mill penipeni tsiku la msika, pakati pa anthu ogula khofi ndi buledi wodula. Maloya a bungwe la Ndifuna Ukwazi anawagwira dzanja, mlandu n'kuyenda khothi ndi khothi kwa zaka 8, mpaka mu December 2024 khothi lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mokomera anthuwo, kuti khonsolo iwapezere pokhala pafupi ndi m'tauni. Ana amene anali ku pulayimale mlandu ukuyamba anali atakula pomwe chigamulo chinkatuluka.

Ojambula a mzinda uno ena anayankha usiku. Cha mu 2014 kagulu kobisa nkhope kotchedwa Tokolos Stencils kankadula zilembo pa makatoni n'kumapopera penti pa makoma a m'tauni. Khonsolo inali ndi mawu ake odzitamira akuti mzinda uno umagwirira ntchito iweyo. A Tokolos anangosintha kumapeto, kuti umagwirira ntchito anthu ochepa. Chaka chomwecho Michael Elion anaimika chimagalasi cha m'maso m'mbali mwa nyanja ku Sea Point, chitayang'ana ku Robben Island, akuti pokumbukira Mandela, pamene ndalama ina inachokera ku kampani ya magalasi ya Ray-Ban. Sipanapite nthawi a Tokolos anachipopera penti. Ine chimagalasicho ndinachikonda chitapoperedwa.

Koma nkhani yofanana kwambiri ndi yako ndi ya ku Berlin. Wojambula wa ku Italy wodziwika ndi dzina loti Blu anajambula zithunzi ziwiri zikuluzikulu pa makoma a mu Cuvrystraße ku Kreuzberg mu 2007 ndi 2008. China chinali munthu wopanda mutu akukonza tayi yake, m'mikono monse muli mawotchi a golide olumikizidwa ndi tcheni. Zithunzizo zinatchuka dziko lonse, alendo n'kumabwera kudzajambulitsa pamenepo, ndipo otsatsa mzinda ndi ogulitsa malo anayamba kudyerapo. Pabwalo la kumaso kwa makomawo panali anthu osowa pokhala omwe anamangapo zisakasa. Anawachotsa mu September 2014. Mu December chaka chomwecho anzake a Blu, Blu yemweyo atavomereza, anabwera usiku ndi makina okwezera anthu m'mwamba n'kupaka makoma onse awiri penti yakuda. Taganiza, chithunzi chonyoza anthu a mawotchi a golide chinasanduka chokweza mtengo wa malo. Nanga chako cha agogo omwetulira chikagwira ntchito yanji?

Tsono wafunsa kuti utani, ndipo sindikuzembera. Ndikanakhala ine, nkhopezo ndikanakana. Osati chifukwa ndalama ya kampani ndi yodetsedwa. Ine ntchito yanga ndi yopanga mafulemu, ndipo zithunzi zambiri zimene ndimadulira magalasi zimakapachikidwa m'mafulati omwewo. Iwenso mkati mwa sabata umapenta zipinda za olemera, palibe amene amakunena. Limenelo ndi ganyu. Koma kujambula mayi wa makoesister akumwetulira pakhonde pomwe khonde lake analigumula, ameneyo ndi umboni wonama, ndipo pansi pake padzakhala dzina lako. Tsiku lina mayi wa ku Delft uja adzadutsa pa takisi n'kuliwerenga.

Usangokana n'kuchoka. Kwera takisi upite ku Delft ukacheze nawo mayiwo, uwauze zonse mmene zilili. Akalola, ubwerere ku kampani ndi ganizo lako: ujambula tinyumba tija mmene tinalili, manambala a pazitseko, mayina a mabanja amene alola, ndi chaka chimene anachoka, ndipo aliyense wojambulidwa nkhope alandirepo yake. Mwina a kampani akana, ndipo akakana wadziwa chimene ankafuna. Akanena kuti basi ingojambulani phiri, maluwa a protea ndi mbalame, jambula, ndipo usawatchipitsire. Theka la ndalama lilowe usanatsegule chitini cha penti, makwerero ndi penti alipire okha, zonse zilembedwe papepala. Chilolezo cha khonsolo akatenge iwo, chifukwa kuyambira 2010 mzinda uno uli ndi lamulo loti chojambula cha pakhoma loonekera kumsewu chimafuna chilolezo, ndipo amene apolisi amamupeza pamakwerero ndi iwe, osati bwana.

Anzako okutcha wogulitsa uwafunse ngati asonkha lendi yako ya mwezi uno. Ndipo ngati mtima ukufuna kujambula anthu a Woodstock enieni, alipo amoyo. Chipatala chakale cha Woodstock anthu a gulu la Reclaim the City analowamo mu March 2017 n'kuchitcha Cissie Gool House, ndipo mukukhala anthu mazanamazana, ambiri ochotsedwa m'misewu yomweyi. Ukagogode bwinobwino, ukafunse atsogoleri awo ngati akufuna wojambula nsalu za zionetsero kapena wophunzitsa ana. Kumeneko sakakulipira, koma nkhope zake zikayankha.

FUNSO: A Malume, ine ndili ku Area 25 ku Lilongwe ndipo nkhani zanuzi sindikuzimvetsa. Kuno tikulira chitukuko usana ndi usiku. Munthu akagwetsa chinyumba chakutha n'kumanga hotela, anyamata amapeza ntchito, msewu umakonzedwa, magetsi amayaka. Ojambula anuwo akudandaula chiyani? Kapena akufuna mizinda izikhala yauve kuti azipeza chojambula?

YANKHO: Bambo, funso lanu lomalizalo lili ndi mano, ndipo ojambula ena liwalume ndithu. Alipo okonda khoma losweka ndi dzimbiri la malata pomwe iwo amagona pabwino. Amenewo sindiwaikira kumbuyo.

Koma tiyeni ku Joni, komwe abale athu ambiri ali. Mu 2009 mnyamata wa bizinesi Jonathan Liebmann anatsegula Arts on Main m'nyumba zakale zosungiramo katundu kum'mawa kwa tauni ya Johannesburg. William Kentridge, wojambula wotchuka kwambiri m'dziko muno, anatenga chipinda chogwiriramo ntchito momwemo. Kampani ya Liebmann, Propertuity, inapitiriza kugula nyumba zoyandikana, dera n'kulitcha Maboneng. Zonse mwatchulazo zinachitikadi: msewu unasesedwa, magetsi anayaka, alonda anaima pakona iliyonse, ntchito za m'malesitilanti zinapezeka. Ndinapitako, n'kokongola, sindingakane.

Mu March 2015 anthu a ku Jeppestown, misewu ingapo kuchokera pamenepo, anatuluka mokwiya chifukwa cha kuchotsedwa m'nyumba, akuimba kuti nawonso akufuna kukadya sushi ku Maboneng. Mvetsetsani nyimboyo, Bambo. Sankati gwetsani Maboneng. Ankati tiloleni tikhale nawo. Patapita zaka zochepa Propertuity inagwa, nyumba zake zina n'kugulitsidwa pa okushoni. Amene anasamutsidwa sanabwezedwe.

Munthu wochotsedwa m'chipinda cha lendi yotsika m'tauni sabwerera kumudzi, chifukwa ntchito yake ya ulonda kapena yochapa mbale ili m'tauni momwemo ndipo imayamba m'mamawa. Amakalowa m'chinyumba china choipa kuposa choyamba, chopanda madzi, cha magetsi olumikiza mwakuba, zipinda zogawa ndi mabolodi. Pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso mu Albert Street ku Marshalltown inapsa usiku, anthu 76 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi. Nyumbayo inali ya khonsolo, ndipo nthawi ya tsankho inali ofesi ya mapasi a anthu akuda. Kuchoka pamenepo kukafika ku Maboneng munthu amayenda wapansi. Sindikunena kuti Maboneng inayatsa moto. Ndikunena kuti mzinda womwe unapeza ndalama zokongoletsera misewu ingapo unasowa chomangira zipinda zoti wochapa mbale angakwanitse.

Ndiye wojambula wanzeru sadana ndi hotela. Amangofunsa kuti amene anali pano ali kuti tsopano, funso limene silipezeka pa chikwangwani cha kampani, pomwe amajambulapo anthu ovala bwino akuyenda ndi agalu. Inu muli ku Lilongwe, mukudziwa kuti Area 47 imadzuka ndi anthu a ku Mtandire: alonda, ogwira m'nyumba, otchetcha kapinga, onse amabwera wapansi. Mapuloti a ku Mtandire akadzagulidwa amodziamodzi ndi anthu omanga mipanda, mudzandiuze kuti mlonda azidzachokera kuti, ndipo minibasi azidzalipira ndani.

FUNSO: Malume, ndimaphunzitsa zaluso pa sukulu ina ku Zomba. Nditawauza ana za ojambula olimbana ndi kugumulidwa kwa nyumba, mtsikana wina wa Folomu 3 anandifunsa kuti, kodi chithunzi chinaimitsapo buludoza? Ndinasowa chonena. Ndithandizeni.

YANKHO: Aphunzitsi, mtsikanayo mumusunge bwino. Muuzeni zoona: chithunzi pachokha sichiimitsa buludoza. Imaima ndi kalata ya khothi, kapena anthu akachuluka pamsewu. Ntchito ya chithunzi nthawi zambiri imayamba fumbi litatsika.

Gerard Sekoto anajambula msewu wa ku Sophiatown wa nyumba zachikasu, ndipo mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzicho, koyamba kuti nyumba yotere ku South Africa igule ntchito ya wojambula wakuda. Sekoto sankachita zionetsero, ankangojambula komwe ankakhala. Pa 9 February 1955 apolisi pafupifupi 2,000 anafika m'bandakucha kudzayamba kusamutsira anthu ku Meadowlands. Pafupifupi Sophiatown yonse inagwetsedwa, panamangidwa nyumba za azungu, dzina n'kukhala Triomf mpaka 2006 pomwe lakale linabwerera. Boma linkati likuchotsa uve. Amene akufuna kudziwa ngati kunali uve wokhawokha akaone chithunzi cha Sekoto.

Ku District Six, mu 1981, Sue Williamson anapita ndi kamera ku nyumba yotchedwa Manley Villa, komwe banja la mayi Naz Ebrahim linkadya Eid yomaliza nyumba isanagwetsedwe. Achibale ndi alendo analemba mauthenga pa makoma a m'nyumbamo, podziwa kuti makomawo sakhalitsa. Williamson anabwereranso mu 2008 n'kujambula malo omwewo, pali udzu wokhawokha. Udzuwo nawonso uli ndi nkhani. Malo ambiri a District Six anakhala osamangidwa kwa zaka chifukwa anthu anachititsa manyazi aliyense wofuna kumangapo, makamaka kampeni ya Hands Off District Six ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. M'kampeni imeneyo munabadwa District Six Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1994 m'tchalitchi chakale cha Methodist mu Buitenkant Street. Mukalowamo mumaponda mapu aakulu a dera lonse oyalidwa pansi, ndipo anthu amene ankakhalako amagwada n'kulemba dzina la banja lawo pomwe panali nyumba yawo. Pamwamba papachikidwa zikwangwani zenizeni za misewu, zomwe kapitawo wa ogumula anauzidwa kuti akataye koma anazisunga. Ndinaona agogo ena akufufuza msewu wawo ndi ndodo, ataupeza anaitana mdzukulu kuti awagwire pogwada.

Ana anu akonda iyi. Boma la tsankho linasintha dzina la District Six kukhala Zonnebloem, ndipo ngakhale ufulu utabwera zikwangwani za pamsewu zinkanenabe Zonnebloem. Mu 2013 wojambula wachinyamata Haroon Gunn-Salie anapita yekha pa zikwangwanizo n'kumatapo dzina loti District Six, zilembo zofanana ndendende ndi za khonsolo. Dzinalo boma linadzalibwezera mwalamulo mu December 2019. Si iye yekha anachititsa, a museum ndi anthu akale a kumeneko analimbana nazo kwambiri, koma kwa kanthawi oyendetsa galimoto ankawerenga zoona zisanavomerezedwe.

Pali wina amene anafunsidwa funso lofanana ndi la mtsikana wanuyo n'kusintha ntchito. Rick Lowe wa ku Houston ku America ankajambula zithunzi zikuluzikulu za umphawi ndi nkhanza. Mwana wa sukulu atabwera kudzaziona anamuuza kuti mavutowo anthu akuwadziwa kale, ngati ndi waluso bwanji osapanga yankho. Mu 1993 Lowe ndi anzake ojambula anatenga tinyumba 22 tosiyidwa m'dera la anthu akuda la Third Ward, anatikonza, tina n'kukhala toonetseramo zaluso, tina togonamo amayi achitsikana olera okha ana. Ntchitoyo, yotchedwa Project Row Houses, ilipo mpaka lero. Mukaona bwino, chimene Lowe anachita ndi kugwira malo. Penti inabwera pambuyo.

FUNSO: Achimwene, ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Noordhoek, ndimakhala ku Masiphumelele kuno ku Cape Town, kwathu ndi ku Mangochi. Abwana anga aakazi anandionetsa pafoni chithunzi chojambulidwa kuchokera m'mwamba, mbali ina madenga athu a malata othithikana, mbali ina nyumba zawo za m'mbali mwa madzi. Akuti chatchuka dziko lonse. Iwo anagwetsa misozi, ine mtima unandipsa. Anatipempha ndani? Umphawi wathu ndi woonetsa?

YANKHO: Achemwali, chithunzicho ndikuchidziwa. Anajambula ndi Johnny Miller, wa ku America koma wokhala kuno, mu 2016, pogwiritsa ntchito drone, kandege kakang'ono ka kamera kouluka popanda munthu. Mbali inayo ndi Lake Michelle, mudzi wa mpanda wa anthu olemera, pakati pali dambo la bango. Chinali choyamba pa mndandanda wake wotchedwa Unequal Scenes, ndipo china cha ku Johannesburg, cha Primrose ndi Makause, chinaikidwa pachikuto cha magazini ya Time mu May 2019.

Ubwino wake ndi umodzi, koma ndi waukulu. Amene amakhala mkati mwa mpanda amatha zaka osaona kuseri kwa bangolo, ndipo chithunzichi chinawachotsera pobisala. Manyazi a pachithunzipo si anu.

Komabe kupsa mtima kwanu ndikukumva, ndipo kuli ndi chifukwa. Kuchokera m'mwamba simuoneka munthu. Sizioneka kuti m'kati mwa denga lina muli chitenje chotchingira bedi, mapoto otsukidwa mpaka kuwala, yunifolomu ya mwana yositidwa usiku. Woonayo amalira n'kubweza foni m'chikwama. Misozi ya abwana ikadza ndi ndalama ya takisi kapena kukweza malipiro, ndiye kuti chithunzi chagwira ntchito. Mukhoza kuwauza zimenezo mwaulemu tsiku lomwe ali bwino.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Foni muli nayo, jambulani nokha nyumba yanu: chitseko ndi nambala yake, m'kati, katundu, oyandikana nawo akalola, ndi malisiti a lendi mwezi ndi mwezi. Muzitumizeko kwa m'bale wa kumudzi kuti zisatayike ndi foni. Inu mukudziwa kuposa ine za moto wa December 2020 womwe unapsereza nyumba zoposa 1,000 kwanuko, ndi mmene zimavutira pambuyo pake kutsimikiza kuti unkakhala pati. Komanso gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu asachotsedwe m'nyumba kapena kugumuliridwa popanda chigamulo cha khothi, ndipo limati munthu aliyense, silinena za nzika zokha. Pa tsiku loipa zithunzi zanuzo n'zimene loya adzafune kuona.

FUNSO: Malume, ndine mtsikana wojambula, ndimakhala ku Yeoville ku Joni. Chaka chatha ndinajambula khoma la shopu ya munthu wina mwaulere, anthu n'kumabwera kudzajambulitsa. Nyumbayo yagulidwa, ndipo mwini watsopano wafufuta zonse ndi penti yotuwa osandiuza. Ndinamva kuti ku America ojambula anawina mamiliyoni pa nkhani ngati imeneyi. Ndikasume?

YANKHO: Mwana wanga, pepa, zimawawa. Nkhani wamvayo ndi yoona. Ku Long Island City ku New York kunali fakitale yakale yotchedwa 5Pointz, yomwe mwini wake, Jerry Wolkoff, analola ojambula kupenta makoma ake kwa zaka zambiri. Atafuna kumanga mafulati odula, ojambula anathamangira kukhothi, ndipo mu November 2013 iye anatuma anthu usiku kukafufuta zonse ndi penti yoyera. Mu February 2018 jaji Frederic Block analamula kuti alipire ojambula 21 ndalama zokwana $6.75 miliyoni chifukwa cha zithunzi 45. Chomwe chinamupweteka Wolkoff ndi phuma: jaji ananena kuti akanadikira mpaka atapeza zilolezo zogwetsera nyumbayo, chilango sichikanafika pamenepo. Fakitale inagwetsedwabe mu 2014, panamangidwa nyumba ziwiri zazitali za lendi yodula, ndipo dzina lake anazipatsa lomwelo, 5Pointz.

Koma lamulo limene linawathandiza ndi la ku America, la 1990, loteteza ntchito za ojambula zodziwika. Silifika ku Yeoville. Iwe unajambula mwaulere, popanda pepala, pa khoma la munthu amene wagulitsa kale nyumba. Ndalama ya loya ingokuthera, ndipo ndi bwino ugule nayo penti.

Sonkhanitsa zithunzi zonse zimene anthu anajambulitsa pakhomapo, upemphe eni ake, uziike pamodzi ndi deti lake. Khoma lina ukadzalipeza, ngakhale la mnzako, mulembe tsamba limodzi: chithunzi chikhala zaka zingati, akudziwitse masiku 90 asanafufute kapena kugulitsa nyumba, ndipo aliyense wofuna kuchiika pa chikwangwani chotsatsira malonda ayambe walankhula ndi iwe. Musayinire nonse awiri, pepala lina usunge iwe.